Mayi Nicanora Sanapemphe Chikalata

Ndinakhala m'nyumba ya Mayi Nicanora Pallares zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, m'chipinda chachitatu kumanzere ukangolowa pa geti. Nyumbayo ili pa msewu wotsikira ku doko, kuno ku Santa Brígida del Caño, ndipo lero ndi yotseka. Sindine wachibale wawo. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ya ansembe, ndipo mkazi wanga atamwalira ndinafuna malo oti ndizipeza chakudya chophikaphika ndi anthu osafunsa mafunso. Chakudyacho ndinachipeza. Mafunso okha ndiye anali ambiri.

Sindikulemba kuti ndiwatame. Anali ndi pakamwa powawa, ankakondera, ndipo munthu akawalakwira kamodzi ankamukumbutsa zaka khumi. Ndikulemba chifukwa zimene zinalembedwa za iwo kukhoti ndi theka chabe la nkhani.

Anabadwira kumtunda kwa mtsinje wa Magdalena, m'kamudzi ka asodzi. Anabwera m'tauni muno ali ndi zaka khumi ndi zinayi kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa mwini sitolo ya nsalu. Sukulu anaiona zaka ziwiri zokha, moti dzina lawo ankalemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ngati akusoka. Anakwatiwa ndi Plutarco Meza, woyendetsa boti lonyamula anthu, amene mtima wake unaima ali pa chiwongolero. Anawasiyira ana awiri, wachitatu ali m'mimba, ndi zipinda zitatu zamatabwa pa poloti yamatope. Zipinda zina zisanu ndi chimodzi anamanga okha. Ankachapira anthu zovala, ankaphikira amuna omanga msewu, ndipo akapeza kangachepe ankagula njerwa makumi awiri n'kuziunjika pabwalo mpaka zitakwana khoma. Chipinda chilichonse ankachitchula ndi ntchito imene inachimanga. Panali cha Msewu, panali cha Chipatala. Changa chinali cha Mikanjo, chifukwa chinachokera m'zaka zinayi zochapa ndi kusita zovala za ansembe.

Pa nthawi imene Plutarco ankamwalira, m'chipinda chimodzi mwa zitatu zija munkagona wapolisi wachinyamata wochokera kumapiri, Evelio Rangel. Chaka cham'mbuyo mwake anali atadwala tayifodi, wopanda mbale m'tauni muno, ndipo Mayi Nicanora ndi amene anamudwazika mpaka kuchira. Iye ananyamula nawo bokosi la Plutarco, ndipo mwana uja atabadwa, mtsikana amene anamutcha Omaira, Evelio ndi amene anamuimirira pa ubatizo.

Kwathu kuno munthu akakuimirira mwana pa ubatizo amakhala kompadre wako, ndipo iwe ngati uli mkazi umakhala komadre wake. Mbale wako mungatukwanane m'mawa n'kudyera limodzi madzulo. Kompadre sukangana naye, sumutchula dzina lokha, ndipo akakuuza mawu supempha kuti awalembe. Kumupempha pepala kuli ngati kununkhiza chakudya chimene wakupatsa iye akuona. Patapita zaka makumi awiri ndi zinayi, Evelio anali sajeni, woyang'anira milandu ya nkhanza kwa ana pa polisi ya m'tauni muno, ndipo Mayi Nicanora ankamutchula pagome kawirikawiri kuposa mmene ankatchulira ana awo.

Mu Januwale wa chaka chimenecho kunabwera mlendo wofuna chipinda, Aldemar Quiroz, wojambula zithunzi. Anali waukhondo, wolankhula motsitsa, wosamwa. Anasankha chipinda chakumapeto, chimene chinali ndi khomo lachiwiri lotulukira ku kanjira ka kuseri, ati kuti makasitomala ake asamatisokoneze. Mayi Nicanora anamukonda.

"Mwaona, Aphunzitsi? Mwamuna wosita yekha malaya. Inu zaka zonsezi kolala ngati tsamba la fodya."

"Ndimasita, mayi. Kutentha kwa kunoku ndi kumene kumakwinyanso."

"Kutenthako kumasankha inu nokha?"

Aldemar ankajambula ana olandira Ukaristia koyamba, atsikana pa phwando lokwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndi zithunzi za ziphaso. Choncho palibe anadabwa kuona ana asukulu akulowa m'kanjira kaja poweruka.

Tsiku lina Lachiwiri masana, kumapeto kwa Malichi, Mayi Nicanora anapita kuseri kukatunga madzi pa thanki ndipo anapeza mwana atakhala pakati pa thankiyo ndi khoma, nsapato zili m'manja. Anali Yuleidis, wa zaka khumi ndi chimodzi, mwana wa Dilia wogulitsa nsomba ku doko. Zimene mwanayo anawauza sindizilemba. Ndingonena kuti Aldemar sankachita zimenezi kwa iye yekha, ndipo anali atawaopseza anawo kuti aliyense woulula, zithunzi zake zidzaonedwa ndi sukulu yonse.

Mayi Nicanora anamuperekeza mwanayo mpaka pafupi ndi kwawo. Pobwera analowa m'chipinda changa osagogoda, chikwanje choswera kokonati chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndilandeni ichi, ndingachimwe."

Ndinawalanda, anandifotokozera, ndipo ndinati tipite kupolisi nthawi yomweyo.

"Kupolisi ndikaime pamzere ngati ndilibe kompadre? Nkhani ya mwana wamkazi ndikaifotokozere kamnyamata ka pakauntala kakutafuna chingamu? Ndikaonana ndi mwini wake wa ntchitoyi."

Inali Sabata Yoyera, nthawi imene akazi amatumizirana mbale za zotsekemera khomo ndi khomo. Lachinayi anakonza za papaya ndi kokonati, anavindikira mbaleyo ndi nsalu, n'kupita kunyumba kwa Evelio. Palibe akanadabwa kuwaona. Anakakhala awiriwiri kuseri kwa nyumba, ndipo zimene anakambirana ndikuzidziwa kuchokera kwa Mayi Nicanora okha, monga anandiuzira atangofika, asanavule ndi nsapato zomwe.

"Akuti tisamuthamangitse. Tikamuthamangitsa akwera boti n'kukayambiranso kwina kumene kulibe Nicanora. Akuti munthuyu sali yekha, zithunzizo pali amene amawatumizira, ndiye akufuna akokere ukonde wonse, osati kansomba kamodzi. Masabata awiri okha."

"Nanga mwanayo?"

"Akuti ndisawauze mayi ake. Dilia mukumudziwa. Akamva iye, doko lonse lamva, munthu wathawa."

"Mayi, tiyeni tilembe kalata. Mizere isanu yokha, yonena kuti tsiku lakutilakuti mwadziwitsa apolisi. A Sajeni adinde, tisunge."

Anandiyang'ana ngati ndalavula m'tchalitchi.

"Ndikapemphe chidindo kwa munthu amene ananyamula Omaira pamaso pa Mulungu? Ansembe anakuphunzitsani Chilatini, ulemu anaiwala."

Kalatayo ndikanatha kuilemba ndekha, m'dzina langa, n'kukaisiya ku ofesi. Sindinatero. Ndinaopa kuwakhumudwitsa, ndipo ndivomere kuti ndinaopanso kusamuka.

Masabata awiri anatha. Mayi Nicanora anagula loko n'kutseka khomo la kuseri lija, ati m'dera mwachuluka akuba. Aldemar anadandaula mwaulemu pagome. Iwo atamuuza Evelio pafoni zimene achita, Evelio anati atsegule msanga, munthuyo angazindikire kuti akumulonda. Anatsegula. M'malo mwake anakokera mpando wawo wogwedera pakamwa pa kanjira kaja, n'kumasendera chinangwa pamenepo dzuwa lili pamutu. Mwana aliyense wobwera ankamubweza.

"Iwe, ajambuli kulibe lero. Bwerera."

"Koma anati ndibwere."

"Ndati kulibe. Ukufuna ndikakuperekeze kwa mayi ako ndi khutu?"

Koma anali ndi anthu asanu ndi atatu oti awaphikire, msika woti apiteko, ndi miyendo yotupa. Sakanakhala mlonda maola onse. Akangoona kuti mwana wadutsa iwo ali kukhitchini, ankaimba foni, ndipo ine ndinkamva mbali yawo yokha kudzera pa khoma. "Kompadre, ndine. Lero awiri. Inde. Inde, ndamva. Sabata yamawa? Chabwino, Kompadre." Madzulo ankamuikira Aldemar mbale yake ya mpunga ndi nthochi zokazinga monga wina aliyense, chifukwa anauzidwa kuti asasinthe kanthu. Lachisanu ankakagula nsomba kwa Dilia. Pa Misa anasiya kupita kutsogolo kukalandira, ndipo madiresi anayamba kuwakulira.

Chimene Evelio ankachedwera sindichidziwa. Ena pambuyo pake ankati anadyetsedwa, koma umboni wake sindinauone ndipo sindinena zimene sindinaone. Maganizo anga ndi akuti ankafuna mlandu waukulu woti ukhale wake yekha, ndiye sanatsegule fayilo poopa kuti akuluakulu a mumzinda angamulande. Kenako masabata atachuluka, fayiloyo inayamba kuopsa kuitsegula, chifukwa tsiku loyamba lolembedwamo likanamufunsa mafunso.

Apolisi anabwera mu Ogasiti, m'mawa tikumwa khofi. Sanali a m'tauni muno. Anachokera mumzinda, ndipo nkhaniyi anaitola kwina: zithunzi zinapezeka m'kompyuta ya munthu wina kunja kwa dziko, ndipo anazilondola mpaka kufika pa khomo lathu. Evelio anangowaperekeza ngati mwini dera, ndipo anaima kumbuyo, pafupi ndi galimoto. Atamutulutsa Aldemar ndi makatoni ake, mtsikana wina wofufuza milandu anakhala pansi ndi Mayi Nicanora pakhonde. Iwo anali atamuthirira kale khofi. Nkhope yawo inali itamasuka koyamba m'miyezi isanu.

"Mwachedwa, ana inu. Ine ndadziwa kuyambira Malichi."

Mtsikanayo anatukula mutu. "Kuyambira Malichi, mayi?"

"Sabata Yoyera."

"Ndipo anapitiriza kukhala muno, mukulandira lendi?"

"Nanga ndikanatani? A Sajeni ndi amene anati ndisamuthamangitse. Afunseni, ndi awo aima apowo."

Mtsikanayo anacheuka. Evelio anali ataika foni kukhutu, akuyenda chotsika msewu. Mayi Nicanora anasayina pepala limene anapatsidwa, mosamala monga mwa masiku onse. Ine ndinaliwerenga patapita miyezi. Linati mwini nyumba wavomera kuti ankadziwa kuyambira Malichi ndipo anapitiriza kuchititsa lendi chipindacho. Pansi pake panali mzere umodzi: akunena kuti anauza wapolisi, koma m'mabuku a polisi mulibe dandaulo lotere.

Aldemar anagamulidwa zaka zambiri ndipo sindimutchulanso. Ana anali asanu ndi awiri. Atatu mwa iwo anayamba kulowa m'chipinda chija pambuyo pa Sabata Yoyera.

Lachisanu lotsatira Mayi Nicanora anapita ku doko ndi dengu lawo, ine ndikuwaperekeza chifukwa anthu anali atayamba kulankhula. Tebulo la Dilia linali lodzaza ndi nsomba.

"Zatha," anatero Dilia.

"Dilia, mwana wanga."

"Miyezi isanu, Mayi Nicanora. Lachisanu lililonse mumaima pamenepa, kumandifunsa za bondo langa, kumandinena kuti sikelo yanga ndi yakuba. Mwana wanga akuuma ngati nsomba yapadzuwa, ine ndikumugulira mankhwala a njoka zam'mimba."

"Anandiletsa."

"Anakuletsani ndani? Pakamwa panupo, pamene pamatukwana tauni yonse mpaka abwanamkubwa, anapatseka ndani?"

Tinabwerera ndi dengu lopanda kanthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muja simunadyedwenso nsomba.

Mu Novembala kunabwera amuna awiri a ku ofesi ya oimira boma pa milandu, n'kumata pepala pa geti. Linati boma layamba mlandu wofuna kulanda nyumbayo chifukwa inagwiritsidwa ntchito pochitira ana nkhanza. Ndinawatengera Mayi Nicanora kwa loya, Maritza Ospino, amene ndinamuphunzitsa ali mwana ndipo ndinkadziwa kuti sazungulira polankhula.

"Mayi, malamulo aakulu a dziko amakana kuti boma lizingolanda katundu wa munthu pofuna kumukhaulitsa," anatero Maritza. "Koma nyumba ikakhala malo ochitira mlandu ngati uwu, woweruza angathe kugamula kuti si yanunso. Inu sakukuzengani. Akuzenga nyumba."

"Nyumba yalakwa chiyani? Ili ndi manja?"

"Ilibe. Ndiye chifukwa chake pali malire. Sangalande kwa mwini amene sanadziwe ngakhale anali wosamala, kapena amene atadziwa anachita zimene munthu wolungama angachite. Inu munanena kale kuti munkadziwa. Chatsala ndi kuonetsa kuti munakanena kupolisi."

"Ndinakanena."

"Pepala lake lili kuti?"

"Pepala lake ndi kompadre wanga."

Maritza anandiyang'ana ine, ngati kunena kuti Aphunzitsi, inu munali kuti. Kenako anatseka chitseko cha ofesi.

"Pali njira ina. Ndinu wachikulire, kuwerenga kumakuvutani, ndipo m'mawa uja m'nyumba munali apolisi a mfuti. Tinganene kuti mu Malichi munangokayikira, kudziwa kwenikweni munadziwa mu Ogasiti ngati tonsefe."

"Ndiye mwana uja ndinamupeza kuseri kwa thanki ndimufufute?"

"Ndikungokuuzani zimene khoti limamva."

"Khotilo limva kwa Evelio. Walemba mayina a mboni? Yamba ndi lake."

Kumupeza Evelio kunavuta. Kunyumba mkazi wake ankati wapita ku ntchito, ku ntchito ankati wapita kumudzi. Tsiku lina wokwezetsa anthu pa njinga yamoto anawatsina khutu Mayi Nicanora kuti a Sajeni ali kometetsa tsitsi. Anamupeza atakulungidwa nsalu m'khosi, mbali imodzi ya mutu itametedwa, moti kothawira kunalibe. Ine ndinaima pakhomo.

"Kompadre, mwasowa ngati mvula ya m'chilimwe."

"Komadre. Ntchito, Komadre, ntchito yandipanikiza."

"Pepala la pa geti langa mwaliona?"

"Ndaliona. Zimenezo ndi za anyamata a mumzinda, amangomata osafunsa. Komadre, nyumba ija ndinachiriramo ine. Mukuganiza kuti ndingaiwale? Tsiku la khoti ndidzaimirira, mudzaona nokha."

"Mwamva, Aphunzitsi?" anatero potuluka. "Inu ndi mapepala anu." Tsiku limenelo anaphika mpunga wa kokonati ngati pa Khirisimasi.

Tsiku la khotilo linatenga zaka zitatu kuti lifike. M'zaka zimenezo nyumba inali m'manja mwa wosunga woikidwa ndi boma, amene ankabwera kamodzi pa miyezi itatu kudzajambula makoma. Analola kuti Mayi Nicanora azikhalamo podikira chigamulo, koma osalandira munthu watsopano. Akale anachoka mmodzimmodzi. Wina anakwatira, wina anasamutsidwa ku ntchito, wina ananena poyera kuti chibwenzi chake chikukana kulowa pa geti lomatidwa pepala. Pomaliza pagome la anthu khumi tinatsala awiri.

Tinapita mumzinda pa boti, kenako pa basi. Omaira, amene anali atakwatiwa ku Barranquilla, anatipeza pakhomo pa khoti. Evelio anafika mu yunifolomu yosita bwino, ndipo Omaira anapita kukamupempha dalitso monga mwana amachitira kwa womuimirira pa ubatizo. Anamudalitsa osamuyang'ana kumaso.

Atalumbira, Maritza anayamba kumufunsa.

"Kodi pa Lachinayi Loyera la chaka chija mayiwa anabwera kunyumba kwanu?"

"Anabwera. Amabwera chaka chilichonse ndi zotsekemera."

"Anakuuzani chiyani?"

"Tinacheza za pabanja. Anatchulapo za munthu wa lendi amene amalandira alendo ambiri."

"Za ana?"

"Za ana sindikukumbukira."

"Simukukumbukira, kapena sananene?"

"Akananena ndikanatsegula fayilo. Ndi ntchito yanga."

Maritza anatulutsa chikalata cha kampani ya mafoni. Kuchokera pa Sabata Yoyera kufika mu Ogasiti, Mayi Nicanora anamuimbira Evelio maulendo makumi anayi ndi atatu.

"Ndi komadre wanga," anatero Evelio. "Amandiimbira ngakhale mpope ukaphulika."

Wina kumbuyo anaseka. Mayi Nicanora anaimirira, dzanja litagwira benchi.

"Kompadre."

Woweruza anawapempha mwaulemu kuti akhale pansi. Evelio ankayang'ana fani ya kudenga.

Ine ndinaitanidwa pambuyo pake, ndipo ndinafotokoza zonse monga ndalembera pano. Loya wa boma anandifunsa mafunso atatu. Kodi ndinalipo pamene awiriwa ankakambirana? Ayi. Kodi nyumbayo ikalandidwa ndidzasowa pokhala? Inde. Kodi ineyo, munthu wophunzira, mphunzitsi wa ana, ndinakanena kwa ndani m'miyezi isanu ija? Ndinati kwa aliyense ayi. Anati alibenso mafunso.

Pa khonde la khoti Evelio anatitsatira, chipewa chili m'manja. Omaira anafuna kumutsekereza koma mayi ake anamukankhira pambali.

"Komadre, mundimvetse. Ndatsala ndi miyezi isanu ndi inayi kuti ndipume pa ntchito. Ndikanavomera muja, sikukanakhala kuchotsedwa ntchito kokha. Ana asanu ndi awiri, miyezi isanu, popanda fayilo. Akananditsekera, Komadre. Inu muli ndi Omaira. Ine ndili ndi ana atatu pasukulu."

"Pamene munkadwala tayifodi ndinkakusinthirani nsalu katatu pa tsiku," anatero Mayi Nicanora, mawu ali pansipansi. "Sindikuti mundibwezere. Ndikungofuna kudziwa ngati zimenezonso simukuzikumbukira."

"Ndikukumbukira, Komadre."

"Chabwino. Ndiye kuti mutu uli bwino."

Chigamulo chinabwera patatha miyezi iwiri, masamba khumi ndi limodzi, ndipo ndinawawerengera pagome. Woweruza analemba kuti malamulo aakulu a dziko amatetezadi mwini katundu wolungama, ndipo boma silingalande nyumba ya munthu chifukwa cha tchimo la wina popanda kuonetsa kuti mwiniyo analekerera. Koma analembanso kuti amene akunena kuti anachitapo kanthu ayenera kuonetsa umboni, ndipo pano panalibe. Panali mawu a mwini nyumba okha, akuti ankadziwa. Tsamba lachisanu ndi chinayi linanena za ana: kuti ufulu wa mwana umaposa wa wina aliyense, ndipo munthu wamkulu amene wadziwa kuti mwana akuzunzidwa pansi pa denga lake sangadikire miyezi isanu pa chifukwa chilichonse.

"Bwerezani pamenepo," anatero.

Ndinabwereza.

"Pamenepo sananame." Anakhala kanthawi akupukuta tebulo loyera kale. "Koma alembapo dzina limodzi lokha, langa."

Maritza anachita apilo, ndipo patatha chaka khoti lalikulu linagwirizana ndi loyamba. Anatipatsa masiku makumi atatu.

Evelio anali atapuma pa ntchito nthawi imeneyo, ndipo anali atagula lole yonyamula katundu. M'mawa wa tsiku losamuka loleyo inaima pa geti. Dalaivala anati watumidwa ndi bwana, kwaulere, maulendo onse amene angafunike.

"Kawauze abwana ako kuti zikomo," anatero Mayi Nicanora. "Chotsa galimotoyi, ukutsekereza bulu."

Anali atapangana kale ndi mwini ngolo ya bulu. Inatenga maulendo asanu kutsitsira katundu ku doko, dzuwa likuswa mtengo, Omaira akudandaula kuti boti liwasiya. Mabedi ambiri ndi tebulo lija anagawira anthu a mumsewu, popeza kumene ankapita kunalibe malo. Anafuna kuzula chitseko cha chipinda chawo, cha mtengo wolimba, chimene Plutarco anapala yekha, koma wosunga wa boma anati zitseko ndi mbali ya nyumba ndipo zinalembedwa kale. Sanakangane naye. Anamupatsa makiyi onse khumi ndi awiri, akumuuza limodzilimodzi khomo lake, ndi loko amene amafuna kukankha ndi bondo kuti atseguke.

Panopa akukhala ku Barranquilla, pa nsanjika yachinayi, m'chipinda chimodzi ndi zidzukulu ziwiri. Masitepe amawavuta, ndiye satsika kawirikawiri. Ine ndinapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Evelio amasewera domino ku doko masana, ndipo ndikakumana naye ndimamupatsa moni. Tauni ndi yaing'ono, ndipo ine si munthu woti ndingamuloze chala.

Nyumba ija boma laiika pa malonda kawiri, koma palibe wa m'tauni muno akufuna kuigula. Ndimawaimbira Mayi Nicanora Lamulungu lililonse ndikachoka ku Misa. Za Evelio safunsa. Amafunsa za nyumba, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisamawabisire. Mwezi wathawu ndinawauza kuti denga la khitchini lagwa. Anafunsa ngati malata ake anthu aba kale. Ndinati inde.